Maluwa a mango akuyera ngati awazidwa ufa kenako nkuyoyoka? Poperani soda ndi salifa motere

Chaka chilichonse ikafika Ogasiti nkhani imakhala yomweyomweyi, mtengo wa mango wachita maluwa mpaka masamba osaoneka, aliyense wodutsa akuti eee chaka chino mudya mpaka kutopa, inunso mwayamba kale kuwerengera madengu mumtima, ndiye pakangotha masabata awiri kapena atatu maluwa aja ayamba kuoneka ngati munthu wawaza ufa woyera, kenako auma, ada, ayoyoka, mwatsala ndi timitengo tokhatokha ngati tsache lakutha. Ena amati ndi mphepo ya mwera, ena amati mtengo ukupuma chaka chino, ena mpaka kuyamba kukayikira aneba.

Nthawi zambiri amakhala matenda amene pa botolo la mankhwala amalemba kuti powdery mildew, ine ndimangoti matenda a ufa. Ndi kankhungu kamene kamamera pamwamba pa maluwa, timasamba tanthete ndi timango tongobadwa kumene, nkumayamwa chakudya. Sikafuna mvula ayi, kamakonda usiku wozizira, mame kapena nkhungu ya m'mawa ngati ya chiperoni ija, kenako masana ouma, ndiye mukaona bwino ndi nyengo yeniyeni imene mango amachita maluwa kuno kwathu, Julayi mpaka Seputembala. Ine ndinataya zaka ziwiri ndikupopera zinthu zolakwika pa nthawi yolakwika, ndiye apa ndalemba zimene ndimachita tsopano. Chinthu chimodzi muchigwire kuyambira pano: soda ndi salifa amateteza maluwa amene akadali bwino, sadzutsa maluwa akufa, ndiye tsiku limene mwayamba kupopera ndi lofunika kuposa mtengo wa mankhwala amene mwagula.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Sipuleya yobereka kumsana, zambiri zimakhala za malita 16 kapena 20, yokhala ndi nozo yotulutsa madzi ngati utsi
- Paipi yowonjezera kutalika kwa ndodo ya sipuleya ngati mungaipeze, kapena makwerero olimba
- Soda wophikira, yemwe uja timathira mu therere ndi m'chigumu, pa paketi amalemba bicarbonate of soda
- Sopo wamadzi wotsukira mbale
- Salifa wosungunula m'madzi, uja pa paketi pamalembedwa sulphur 80%
- Supuni ya tiyi, koma kasikelo koyeza magalamu ndiye kabwino zedi
- Ndowa, kamtengo kotakasira ndi kansalu kosefera
- Madzi oyera ozizira, osati amatope a pa dambo
- Magolovesi, masiki, magalasi oteteza maso, chipewa ndi malaya a manja aatali
- Chodulira nthambi kapena sowo yaing'ono, chikwanje chimang'amba khungwa
- Kope ndi cholembera, kapena kalendala ya mu foni

Mankhwala amphamvu olowa mkati mwa mtengo musathamangire kugula, tikambirana pa nambala 9 ngati angafunike.

1. Tsimikizani kaye kuti ndi matenda a ufa

Thyolani tsango limodzi la maluwa m'mawa mulione pa dzuwa. Ngati ndi matendawa muona ufa woyera pa timapesi ta maluwa ndi pa timaluwa tomwe, mukapukuta ndi chala umachoka ngati choko. Timasamba tanthete timapindika, pansi pake pamakhala ufa womwewo, pakapita nthawi pamasanduka zigamba zofiirira ngati zapsa. Timango tating'ono timene tagwidwa timagwa tikafika ngati nsawawa, timene tapulumuka timakula ndi khungu lokhakhala long'ambikang'ambika.

Chenjezo: si choyera chilichonse chimene chili matenda a ufa. Mukaona zoyera ngati thonje zomatamata, nyerere zikukwera ndi kutsika, masamba akuda ngati mwaye, timeneto ndi tizirombo tina toyamwa madzi a mtengo, soda sangatichite kanthu. Mukaona madontho akuda pa maluwa makamaka kukagwa kamvula, amenewo ndi anthracnose, omwe aja amaoletsa mango akamapsa, mankhwala ake ndi ena. Komanso musachite mantha ndi kuyoyoka kulikonse, tsango limodzi limakhala ndi timaluwa mazanamazana ndipo tambiri ndi tatimuna, timayenera kugwa basi, mwachibadwa tsango limatsala ndi mango amodzi, awiri kapena atatu. Vuto ndi pamene tsango lonse lauma osatsala kanthu. Ngati mukukayika tengani tsangolo mu jumbo mukawaonetse alangizi a zaulimi a kwanuko.

2. Sankhani mitengo imene mungakwanitse

Apa tiyankhule chilungamo. Chimtengo cha mango chimene anadzala agogo, chotalika kuposa nyumba ziwiri, simungachipopere ndi sipuleya ya kumsana, mungonyowetsa nthambi za pansi nkusamba mankhwala inuyo. Soda ndi salifa amagwira pokhapo pamene afika, ndiye ngati simukufika pamwamba, ufa wa pamwambawo uzingogwera pa maluwa a pansi tsiku ndi tsiku. Mitengo ngati imeneyo mwina poperani mbali imene mukufika nkuvomereza kuti kumwambako kuli m'manja mwa Mulungu, kapena muikonze podulira mukatha kukolola.

Mphamvu zanu ikani pa mitengo ya mamita 3 mpaka 5, makamaka yomezanitsa ija. Pa mitundu ya mango omezanitsa, Kent ndi Zill amagwidwa kwambiri, Haden ndi Keitt ali pakatikati, Tommy Atkins amapirirako ndithu ngakhale naye zikavuta amagwidwa. Ndiye ngati soda kapena nthawi yachepa, yambani ndi Kent. Mango achikuda ngati maboloma nawonso amagwidwa, kungoti mtengo umakhala waukulu maluwa nkukhala ochuluka ndiye sitimaona msanga kuti taluza.

3. Yambani kuyendera mitengo maluwa asanatseguke

Apa ndi pamene anthu ambiri timagwera. Kuyambira kumapeto kwa Juni muzizungulira mitengo kawiri pa sabata, muziona nsonga za nthambi. Mukaona zatupa ndipo timasango tayamba kutuluka totalika ngati chala, timaluwa tikadali tofumbata, nthawi yopopera koyamba ndi imeneyo, musadikire kuti muone ufa. Ufa umene mukuuona lero unalowa sabata yatha, umatenga masiku angapo usanaonekere, ndiye munthu amene akuti ndidikire ndione kaye ngati chaka chino abwera amakhala wachedwa kale ndi sabata yathunthu.

Madera amasiyana, kunyanja ngati ku Salima, Nkhotakota, Mangochi ndi Karonga komanso kuchigwa cha Shire maluwa amakonda kufulumira, kumtunda kozizira amachedwerako, ndiye musatengere tsiku la mnzanu wa kwina, onani mtengo wanu. Ndipo mtengo umodzi womwewo umatha kutulutsa maluwa maulendo awiri kapena atatu, mbali ya kum'mawa lero, ya kumadzulo pakatha masabata awiri. Masango otuluka mochedwawo ndi amene amalandira ufa wochuluka kuchokera kwa akulu awo.

Mukapeza tsango limodzi kapena awiri ayera kale pamene ena onse ali bwino, adulireni mu jumbo osawagwedeza, mukakwirire. Akakhala ambiri musavutike, kudula sikungathandizenso.

4. Tsukani sipuleya ndipo onani nozo

Ngati sipuleya yanu kapena yobwereka inagwirapo mankhwala opha udzu m'munda wa chimanga, chonde musaigwiritse ntchito pa maluwa a mango. Ine ndinabwerekapo ina, mwini wake anandilumbirira kuti anatsuka, patatha sabata timasamba tanthete tonse tinapotoka. Ngati palibiretu ina, tsukani ndi sopo katatu, mupope madzi a sopowo kudutsa mu paipi ndi nozo, mutsukuluzenso ndi madzi oyera, komabe bwino nkukhala ndi yakeyake.

Nozo ya mankhwala a udzu imatulutsa madzi ngati chikupizo ndi madontho akuluakulu, imeneyo ichotseni. Mukufuna yotulutsa utsi wozungulira kuti timadontho tilowe mkati mwa tsango. Yesani ndi madzi okha pa khoma louma muone ngati akutuluka mofanana. Ikatsekeka musabaye ndi waya kapena singano chifukwa mukulitsa bowo, komanso musaipemerere ndi pakamwa, gwiritsani ntchito kamswachi kakale.

5. Sungunulani soda pa muyezo wake

Muyezo ndi magalamu 5 a soda pa lita imodzi ya madzi. Supuni ya tiyi yosefukira ayi, yodula bwinobwino pamwamba ndi mpeni, imakhala pafupifupi magalamu 5. Ndiye:

- malita 5: magalamu 25, masupuni a tiyi 5
- malita 16: magalamu 80, masupuni a tiyi 16
- malita 20: magalamu 100, masupuni a tiyi 20

Thirani madzi pang'ono mu ndowa, ikani soda, takasani mpaka asaonekenso pansi, sefani ndi kansalu pothira mu thanki imene mwathira kale madzi theka, dzazitsani madzi kufika pa mzere, pomaliza penipeni ndi pamene muike sopo wamadzi, masupuni a tiyi 3 pa malita 16. Mukayamba ndi sopo thanki imadzaza thovu simuonanso mzere. Ntchito ya sopoyo ndi kungothandiza madzi kuyala pa maluwa ndi masamba, poti tsamba la mango ndi loterera madzi amangogubuduka, ndiye musachulutse.

Chenjezo lalikulu, ma soda alipo angapo. Baking powder si soda ameneyu, muli zosakaniza zina ndipo sagwira. Kositiki soda wopangira sopo uja ndiye ayi ndithu, awotcha mtengo ndi manja anu omwe. Sopo wa ufa wochapira zovala nayenso amawotcha maluwa. Musagwiritse madzi otentha poganiza kuti asungunuka msanga, kutentha kumamusintha soda kukhala waukali. Musathiremo mandimu kapena vinega, zimangochita thovu mphamvu ya soda nkutha, chifukwa chimene chimapha kankhungu ndi ukali wa soda womwewo pamwamba pa duwa. Ndipo osanena kuti matenda achuluka ndiye ndiike kawiri, mukapyola magalamu 10 pa lita mumawotcha timaluwa ndi timasamba, matenda nkutsala ali phee.

Alipo mchimwene wake wa soda wophikirayu, potassium bicarbonate, kunja amamugulitsa ngati mankhwala ovomerezeka m'maina ngati Armicarb ndi Kaligreen. Ameneyo amagwira bwino kuposa wathu wa mu therereyu ndipo sasiya mchere woipa m'nthaka. Mukamupeza kwa ogulitsa zipangizo zaulimi tengani, mutsate muyezo wa pa paketi. Mukapanda kumupeza soda wa pa golosale ali bwino, bola musamakhuthulire zotsala pa tsinde la mtengo chaka ndi chaka.

6. Yesani pa nthambi imodzi kaye

Poperani nthambi imodzi yokhala ndi masango atatu kapena anayi, mumange kansalu kuti musaiwale, dikirani masiku awiri. Ngati nsonga za timasamba kapena timaluwa zapsa, chepetsani mufike magalamu 3 pa lita ndipo sopo muchepetsenso. Ngati zili bwino pitirizani mitengo yonse. Ndikudziwa anthu ambiri mudumpha nambala imeneyi, inenso ndinkadumpha, koma masopo amasiyana mphamvu ndipo ndi sopo amene amakonda kuwotcha kuposa soda.

7. Nthawi yopopera ndi kapoperedwe kake

Poperani madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko dzuwa litapepa, kapena m'mawa mame atangouma mphepo isanadzuke. Masana ayi, madzi amauma msanga nkusiya mchere wowotcha, komanso nthawi imeneyo ndi imene ntchentche ndi njuchi zimakhala zili pa ntchito pa maluwa. Inde ntchentche, kafungo kaja ka maluwa a mango kamaitana izozo ndipo ndi zimene zimabereketsa kwambiri, ndiye musaziyese adani. Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya mphepo, tsiku limene mwera wakwiya ingosiyani, mungopoperera denga la aneba.

Valani zodzitetezera ngakhale ndi soda chabe, poti mukupopera m'mwamba zonse zimabwerera kumaso, ndipo salifa m'maso amayabwa zoopsa. Imani mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Yambani pamwamba kutsika pansi, zungulirani mtengo wonse, kenako lowetsani ndodo mkati mupopere kuchokera pansi kuloza kumwamba kuti pansi pa timasamba tanthete panyowe. Tsango lililonse linyowe mbali zonse mpaka litsale pang'ono kudontha, likayamba kuchucha ndiye kuti mukutaya. Muzipopa pafupipafupi kuti mphamvu isatsike, ikatsika madontho amakula ndipo salowa mkati mwa tsango. Masamba akale obiriwira kwambiri aja musataye nawo madzi ambiri, matendawa amafuna zanthete.

Zimene mwasungunula zithe tsiku lomwelo. Mukamaliza tsukani sipuleya, soda akaumira mu nozo amatseka.

8. Bwerezani, ndipo apa ndi pamene salifa amalowa

Soda ali ngati kusesa pabwalo, mwasesa lero mawa masamba agwanso. Amapha ufa umene waupeza tsiku limenelo, koma sakhalitsa, ndipo tsango likukula tsiku lililonse kutulutsa timaluwa tatsopano timene sitinalandire kanthu. Ndiye ngati mukugwiritsa soda yekha muzipopera masiku 7 aliwonse osaphonya, kuyambira timasango tija mpaka timango titafika ngati nsawawa. Pamakhala maulendo 5 kapena 6, nthawi zina kuposa.

Salifa amakhalitsa pang'ono, masiku 10 mpaka 14, ndipo kunena zoona pa matendawa ndi amene ali ndi mbiri, alimi a korosho (cashew) ku Mtwara ku Tanzania ndi ku Nampula ku Mozambique akhala akulimbana ndi ufa wa mtundu womwewu pa maluwa a mitengo yawo ndipo ku Tanzania salifa ndiye wakhala chida chawo chachikulu. Muyezo wa salifa wa 80% nthawi zambiri umakhala magalamu 2 mpaka 3 pa lita, kutanthauza magalamu 32 mpaka 48 pa malita 16, koma chimene chalembedwa pa paketi yanu ndicho lamulo. Muyambe mwamupanga phala mu ndowa musanathire mu thanki, ndipo poyenda muzigwedeza thanki chifukwa sasungunuka kwenikweni, amakhazikika pansi, mukapanda kugwedeza mitengo yoyamba imalandira phala yomaliza madzi okha.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. Ulendo woyamba, timasango tikadali ngati chala, salifa. Pakatha masiku 10 mpaka 14, maluwa atatsala pang'ono kutseguka, salifa kachiwiri. Maluwa akatseguka onse ndimasiya salifa ndimagwiritsa soda sabata iliyonse madzulo, pa muyezo wotsika uja ngati kwatentha. Timaluwa tikayamba kugwa timango nkuoneka, ndimabwerezanso salifa kamodzi ngati nyengo ikulola. Sindimasakaniza ziwirizi mu thanki imodzi, chilichonse tsiku lake, ndipo tsiku lililonse ndimalemba mu kope chifukwa mutu umanama, umakuuza kuti unapopera dzana pamene papita masiku 12.

Machenjezo awiri a salifa. Choyamba kutentha, kukafika madigiri 30 kupita m'tsogolo salifa amawotcha maluwa ndi timango, ndiye anzathu a ku Chikwawa, Nsanje ndi kunyanja ikafika Seputembala samalani kwambiri, onani za nyengo pa foni, kukatentha gwiritsani soda madzulo basi. Chachiwiri mafuta. Pa intaneti mupeza ambiri akuti thirani mafuta ophikira kapena a nimu mu soda, zimathandizadi kumata, koma mafuta akakumana ndi salifa pa tsamba amawotcha koopsa, pamafunika papite masabata awiri pakati pa ziwirizi. Nchifukwa chake mu muyezo wanga mulibe mafuta, ndinasankha salifa.

9. Zikakanika, mankhwala olowa mkati

Pali zaka zina chiperoni chimakhalitsa, kapena mwachedwa kuyamba, mukuona ufa ukufalikira ngakhale mukupopera. Ngati mango anu ndi a bizinesi apa mpofunika mankhwala amene amalowa mkati mwa duwa ndi tsamba nkuletsa matenda amene angoyamba kumene. Musamayang'ane dzina lalikulu la pa botolo, yang'anani timalemba tating'ono pamene alemba active ingredient, kutanthauza mankhwala enieni amene ali mkatimo. Gulu loyamba ndi maina othera ndi azole, monga hexaconazole, penconazole, tebuconazole ndi difenoconazole. Gulu lachiwiri ndi othera ndi strobin, monga azoxystrobin ndi trifloxystrobin. Mabotolo ena amalembanso nambala ya gulu, a azole ndi 3, a strobin ndi 11.

Nambala zimenezi zili ndi ntchito. Kankhungu aka kamazolowera mankhwala msanga mukamabwereza gulu limodzi, ndiye musapopere gulu limodzi kopitirira kawiri motsatizana, ndipo kusintha botolo la hexaconazole nkugula la tebuconazole sikusintha ayi, ndi ana a bambo mmodzi. Mukapopera kamodzi kapena kawiri bwererani ku salifa kapena soda, awiriwa matenda sawazolowera wamba.

Gulani mankhwala amene pa chizindikiro chake alembapo mango ndi powdery mildew, mu botolo lake lotseka, kwa wogulitsa wovomerezeka. Kuno ku Malawi mankhwala amayenera kukhala olembetsedwa ndi Pesticides Control Board. Othiridwa m'timabotolo ta zakumwa pa msika aja simungadziwe kuti muli chiyani. Muyezo tsatani wa pa botolo, amakhala timamililita tochepa ndiye gulani sirinji ku famase muziyezera, osati chivindikiro. Musawasakanize ndi soda, ukali wa soda umaononga mankhwala ambiri. Onaninso masiku odikira musanadye, inde kukolola kuli kutali koma ana sadikira kuti mango apse, amayamba kugenda akadali anthete nkumadya ndi mchere. Ngati pansi pa mtengo pali ndiwo zamasamba, mbale za nkhuku kapena mtsuko wa madzi, chotsani kapena vindikirani musanapopere.

10. Dziwani posiyira, kenako konzani mtengo wa chaka chamawa

Timango tikakula kupyola nsawawa kufika ngati mabo, khungu limakhala lakhwima ndipo matendawa sakhalanso ndi mphamvu, komanso kutentha kwa Okutobala kumawafooketsa. Siyani kupopera, sungani ndalama ya ntchentche zoboola zipatso ndi anthracnose wa nthawi ya mvula, imeneyo ndi nkhani ina.

Mukatha kukolola, Januwale kapena Febuluwale malinga ndi mtundu, dulirani. Chotsani timapesi ta masango akale totsalira pa nsonga, nthambi zouma, zopingasana ndi zoloza mkati, mutsegule pakati kuti dzuwa ndi mphepo zizidutsa, ndipo tsitsani msinkhu kufika pamene ndodo yanu imafika. Kankhungu aka kamadikira chaka chamawa kali pa masamba ndi pa nsonga za mtengo womwewo, ndiye mtengo wothithikana umasunga matenda komanso umakana mankhwala kulowa. Chimtengo chachikulu musachidule chonse kamodzi, chitani mbali imodzi chaka chino inayo chaka chamawa kuti musakhale chaka chopanda mango. Osadulira mu Meyi kapena Juni, mukhala mukudula nsonga zimene zimayenera kutulutsa maluwa. Feteleza wa Urea kapena manyowa ambiri a nkhuku maluwa atayandikira nayenso ayi, amatulutsa masamba anthete ambirimbiri amene ndi chakudya cha matendawa.

Zolakwika zimene anthu amabwerezabwereza

Kupopera Dithane kapena Ridomil chifukwa ndi amene anatsala ku dimba la tomato. Ili ndiye linali langa zaka ziwiri zija. Ridomil ndi wa chiwawu cha tomato ndi mbatatesi, pa matenda a ufa sachita kanthu, Dithane amathandizako pa anthracnose koma pa ufa ndi wofooka. Ndinapita ku sitolo ina ya zaulimi kukafotokoza, mnyamata wa pa kauntala sanafunse nkomwe kuti zikuoneka bwanji, anangotsitsa paketi imene inali pafupi, inenso osawerenga. Werengani nokha musanalipire.

Kuthiramo mankhwala a tizirombo ngati cypermethrin kuti zonse zithere kamodzi. Matenda a ufa si kachirombo koyenda, ndiye simunaphe kanthu kupatula ntchentche ndi njuchi zija, mapeto ake maluwa oyera bwino opanda matenda koma osabereka.

Kopa pa maluwa otseguka. Mankhwala a kopa obiriwira kapena abuluu aja ali ndi ntchito yake mango akakula, koma pa timaluwa amatha kuwotcha.

Kupopera kamodzi nkumadikira zodabwitsa, kenako kumauza anthu kuti za soda nzabodza. Kapena kupopera kawiri, kulumpha masabata atatu chifukwa kunali maliro ndi ukwati, nkubwerera ufa utadzaza. Ngati mukudziwa kuti muchokapo, poperani salifa musananyamuke osati soda.

Kupopera masango amene ada kale. Amenewo apita, yang'anani amene akutuluka kumene ndi mbali ya mtengo imene ikadali bwino.

Kupopera mbali ya kumsewu yokha imene imaoneka, mkati ndi kuseri osafikako.

Kuzula maungu ndi nsawawa za kudimba poganiza kuti ndi zimene zikupatsira mango. Ufa wa pa masamba a maungu ndi wa mtundu wina, sudumphira pa mango, ngakhale soda yemweyu pa muyezo womwewu amathandiza kumenekonso, ndiye zotsala mu thanki kathereni pa maunguwo mmalo motaya. Za salifa zokha musapititse ku maungu ndi nkhaka musanayese pa tsamba limodzi, mbewu zimenezi zina sizigwirizana naye.

Kuiwala madzi. Mitengo ing'onoing'ono yomezanitsa imatha kupulumuka ku ufa bwinobwino koma nkutaya timango tonse mu Seputembala ndi Okutobala chifukwa cha ludzu, mwini wake nkumati mankhwala sanagwire. Timango tikangooneka yambani kuthirira kamodzi pa sabata mozungulira pamene mthunzi wa nthambi ukuthera, muphimbire ndi udzu wouma koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa cha chiswe.